Nthano zogula pa mphindi: magemu a ulendo ndi ndewu ku Area 49

Wina afunsa kuti kodi nkhani ya magemu ikufunanji pa tsamba lino, pomwe tidazolowera kupimapo ndakatulo, zisudzo ndi mabuku. Yankho lake silili patali. Yendani masana ku Area 49, kuyambira ku Gulliver, kudzera ku Shire mpaka ku Dubai, muwerenge ana omwe muwapeze atagwira buku la nthano. Mukatero muwerengenso omwe aunjikana m'tizipinda ta magemu, maso ali tong'o pa kanema, mmodzi atagwira padi, anzake asanu akumuuza kolowera. Nthano zambiri zomwe ana athu akumva masiku ano zikudzera m'menemo, ndipo ife opima zolembalemba sitingamangodutsa panja ngati sizikutikhudza.

Magemu alipo amitundumitundu: a mpira, a mjaha wa galimoto, a nkhonya. Ine pano ndikunena za mtundu umodzi womwe eni ake amautcha action-adventure, ife tingoti magemu a ulendo ndi ndewu. Mfundo yanga ndi yakuti mtundu umenewu ndi mbale wake wa nthano, ndipo uyenera kupimidwa ngati nthano. Koma m'mene ukuseweredwera kwathu kuno, ulendo umaduka n'kutsala ndewu yokha, ndipo ndewu yotsalayo ndi yomwe makolo amaiona n'kugamulira mlandu wonse.

Mtunduwu uli ndi makolo awiri. Loyamba lidabadwa mu 1976, pomwe Will Crowther, katswiri wa makompyuta wa ku America yemwe ankakonda kulowa m'mapanga, adalemba Colossal Cave Adventure pofuna kusangalatsa ana ake aakazi. Munalibe chithunzi ngakhale chimodzi. Kompyuta inkafotokoza m'mawu pomwe waima, iwe n'kuilembera choti uchite: kutenga nyali, kulowera kumpoto, kutsegula chitseko. Phangalo adalitengera ku Mammoth Cave, ku Kentucky. Zindikirani, awerengi, kuti chinthuchi chidayamba ndi bambo wokambira ana ake nthano. Kholo lachiwiri ndi magemu a changu cha manja, aja oponya kandalama m'makina n'kumawombera ndi kuzinda mpaka utafa. M'menemo munalibe nkhani, munali liwiro basi.

Yemwe adakwatitsa awiriwa ndi Warren Robinett, mu gemu yotchedwa Adventure yomwe kampani ya Atari idatulutsa mu 1980. Wosewera anali kabokosi chabe koyenda pa kanema, kufunafuna chikho chobedwa, kuthawa zilombo zitatu, ndipo ankanyamula chinthu chimodzi pa nthawi: ukatenga kiyi, lupanga ulisiye. Munalinso mleme wakuba womwe unkakutsomphola chomwe wanyamula. Poti kampaniyo sinkalemba maina a opanga magemu ake, Robinett adabisa dzina lake m'kachipinda kachinsinsi m'kati mwa gemuyo. Alakatuli anzanga omwe ntchito zanu zidamvekapo pagulu popanda kutchulidwa dzina, mtima umenewo muumvetsa.

Koma nyumba yeniyeni idamangidwa mu 1986, pomwe Shigeru Miyamoto ndi Takashi Tezuka a kampani ya Nintendo ku Japan adatulutsa The Legend of Zelda. Miyamoto ankafuna kubweza chisangalalo chomwe ankamva ali mwana poyendayenda m'tchire ndi m'mapanga a kwawo, kufupi ndi Kyoto. Mnyamata wotchedwa Link amayamba ulendo alibe ndi lupanga lomwe. Nkhalamba ya m'phanga ndiyo imamupatsa. Amafika pa madzi oti sangawoloke, n'kubwerera. Kutsogolo amapeza kabwato, ndipo nthawi yomweyo amakumbukira madzi aja. Chida chilichonse chatsopano ndi kiyi wa khomo lomwe udalidutsa kale uli wosauka. Amasonkhanitsa zidutswa 8 za chinthu chamatsenga asanakakumane ndi Ganon, mdani wamkulu. Poti ulendowu sungathe tsiku limodzi, gemuyi itafika ku America mu 1987 idabwera ndi kabatire kosungira pomwe munthu walekezera. Kabatire kameneka mukasunge m'mutu, tikafuna kutsogoloku.

Msana wa mtundu wonsewu mpaka lero ndi womwewo: khomo lotseka, ulendo wokafuna chotsegulira, chilombo chotchinga njira, kenaka kubwerera pomwe udalephera paja uli munthu wina.

Tsono taganizani za Kalikalanje, mwana uja amake adamulonjeza kwa fisi asadabadwe. Fisi akabwera ndi msampha uwu, mwana amapulumuka ndi nzeru iyi. Amake akamumeta kuti fisi amuzindikire, iye amameta anzake onse. Msampha uliwonse umaposa unzake. Kapena taganizani za Kamdothi, mwana woumbidwa ndi dothi, yemwe mitambo ikangoda ayenera kuthamangira kunyumba mvula isadamupeze, mpaka tsiku lomwe adakasewera patali zedi. Wopanga magemu atamva nthano imeneyi angavine, chifukwa lamulo la sewero lonse lili kale m'thupi la mpangankhani: ukapita patali uona zokoma zambiri, koma njira yobwerera italika. Agogo athu luso limeneli ankalidziwa kalekale, magetsi asadafike n'komwe.

Ngakhale kutenga mbali kwa omvera kudalipo. Wokamba akati padangokhala, ife tinkati tilitonse, ndipo tikaleka kuyankha nthano inkaima. Padi ndi tilitonse wa m'manja: ukaleka kudina, Link amangoti chilili pomwepo. Kusiyana kwake n'kumodzi koma n'kwakukulu. Pa moto wa agogo, womvera sakadatha kuiononga nthano; Kalulu ankapulumuka ngakhale iwe ukusinza. Mu gemu Kalulu ndiwe. Ukachedwa kudumpha fisi akudya, uyambirenso, ndipo umaphunzira ndi zala zako kuti tsokonombwe adatha mtunda n'kudumpha.

Muyeso wanga ukuchokera pamenepa. Buku timalipima ndi mawu ake, chisudzo ndi zomwe zikuchitika pabwalo. Gemu ya ulendo tiipime pofunsa funso limodzi: kodi zomwe manja akuchita ndi zomwe nkhani ikunena n'chinthu chimodzi?

Yomwe imakhoza mayesowa mosapeneka ndi Shadow of the Colossus ya Fumito Ueda, ya mu 2005. Mnyamata Wander wabwera pa kavalo ndi mtembo wa mtsikana ku dziko loletsedwa. Mawu a m'kachisi amuuza kuti akapha ziphona 16, mtsikanayo adzuka. M'dziko lonselo mulibe adani ena oti uzipha panjira. Muli chigwa, mphepo ndi kavalo wako. Ziphona zina sizikuputa n'komwe mpaka iwe utaziyamba. Uyenera kukwera pa thupi la chiphona, kugwira ubweya wake zala zikuwawa, n'kubaya. Chikagwa sikumveka nthungululu ayi, kumamveka nyimbo yachisoni, ndipo nkhope ya mnyamatayo imanka nide. Palibe amene amakulalikira kuti ukulakwa. Umangodzimva wekha, poti wabaya ndiwe. Apa manja ndi nkhani n'chimodzi, ndipo buku kapena filimu sizingachite zimenezi mwa njira yomweyi.

Yomwe imakhoza theka ndi yomwe anyamata a m'matauni mwathu amaidziwa kuposa zonse, Grand Theft Auto: San Andreas, ya kampani ya Rockstar North ya ku Edinburgh, ya mu 2004. Carl Johnson, yemwe amangomuti CJ, wabwerera kwawo ku Los Santos patatha zaka zisanu chifukwa amake aphedwa. Asadafike n'komwe pa siwa, apolisi akatangale amugwira, kumulanda ndalama n'kumuopseza kuti amunamizira mlandu wopha wapolisi mnzawo akapanda kuwagwirira ntchito. Mkulu wake Sweet akumunena kuti adathawa banja. Anzake a paubwana, Big Smoke ndi Ryder, pambuyo pake amupereka. Aliyense yemwe adaonapo mbale wochokera ku Joni atabwerera maliro, abale akumuyang'ana cham'mbali, nkhani imeneyi aizindikira. Ndi nkhani yolembedwa mwaluso, ya ubale, umphawi ndi kusakhulupirika. Vuto lake n'lakuti CJ wa m'zokambirana ndi mwana wolira amake, wofuna kuchotsa mankhwala ozunguza bongo m'dera lakwawo, pomwe CJ wa m'manja mwako akhoza kugunda anthu khumi pa msewu nkhani osasintha ngakhale pang'ono. Pakamwa pakunena zina, manja akuchita zina. Mlembi wa buku atatipatsa mpangankhani wotere tikadamubwezera zolemba zake.

Yomwe ine ndimaikayikira ndi Tomb Raider, yomwe kampani ya Core Design ya ku Derby, ku England, idatulutsa mu 1996. Pa luso lomanga mapanga ndi misampha, palibe chotsutsa. Koma tafunsani kuti Lara Croft ntchito yake n'chiyani. Ndi mwana wa banja lolemera la ku England yemwe amalowa m'manda a anthu ena, ku Peru, ku Greece, ku Egypt, n'kutengamo zomwe wapeza. Apa manja ndi nkhani zikugwirizanadi, koma zikugwirizana pa kufukula manda a eni. Anansi athu a ku Zambia akhala akupempha kuti chibade cha munthu wamakedzana chomwe chidapezeka ku Kabwe mu 1921 chibwerere kuchokera ku London. Mwana wa kuno akamasewera ngati Lara, adziwe mbali yomwe waima.

Tsopano tibwerere ku Area 49, tione chomwe chimachitikira nthano zoterezi zikafika m'kachipinda ka malata. M'malo ambiri otere mwana amagula nthawi, kapena gemu imodzi. Mpira umakwanira bwino m'dongosolo limeneli: mphindi zochepa wopambana wadziwika, wogonja apereka padi kwa wina. N'chifukwa chake mpira ndiwo mfumu m'tizipindati. Koma nkhani ya San Andreas ili ndi magawo pafupifupi 100, ndipo kuti uitsirize pafunika maola makumimakumi. Kabatire kaja ka 1987 kadakula n'kukhala memori khadi, koma khadiyo ndi ya mwini malo. Pomwe walekezera lero, mawa upeza wina wafufutapo. Onjezanipo magetsi. Namondwe wa Ana ataononga malo opangira magetsi a Kapichira mu Januwale 2022, dziko lidataya mamegawati pafupifupi 130, ndipo makinawo adadzayambanso kugwira ntchito mu 2023. Wosewera mpira magetsi akazima wataya gemu imodzi. Woyenda ulendo wataya ulendo wonse.

Chinanso ndi chiyankhulo. Anthu a mu San Andreas amayankhula Chingerezi cha m'makwalala a ku Los Angeles, choti ngakhale mphunzitsi wa ku sekondale ayenera kutchera khutu kawiri. Mwana wa sitandade 6 amva chiyani? Ndiye zokambirana zikangoyamba, anzake amakuwa kuti dumphitsa aise, nthawi ikutha! Amadumphitsadi. Maliro a mayi uja, mkangano wa pachibale uja, kuperekedwa kuja, zonse zimapita ndi batani limodzi. Chotsala n'kudina mabatani achinsinsi aja amawatcha macheat, mfuti zonse zibwere, kenaka kuthamangitsana ndi apolisi mpaka mwini malo atati nthawi yakwana. Zili ngati kugula buku n'kung'ambamo masamba onse, kusiya okhawo omwe anthu akumenyana. Mafoni athandizako, poti San Andreas idafika pa foni mu 2013 ndipo pa foni pomwe walekezera mpako. Komabe foni yotha kunyamula gemu yotere nthawi zambiri ndi ya achimwene, ndipo madzulo amaifuna.

Mayi akasuzumira pakhomo kufuna mwana yemwe adamutuma kuchigayo, chomwe amaona ndi chimenecho: mwana wawo akuwombera anthu pa kanema, anzake akuseka. Akati izi n'zoononga ana, sakunama pa zomwe aonazo. San Andreas ku Ulaya idaikidwa chizindikiro cha zaka 18, ndipo mwini malo yemwe amaipereka kwa mwana wa zaka 9 poti wabwera ndi ndalama ayenera kuchita manyazi. Ndalama ya chigayo imatheradi m'menemo, ndipo alipo ana omwe amajomba kusukulu. Izi sindikuzichepetsa. Chomwe ndikukana n'kuweruza mtundu wonse poona chiduswa chomwe umphawi wathu watisiyira. Mwana yemwe wakhala pa khomo lotseka kwa ola lathunthu, kuyesa ichi, kuyesa icho, mpaka atakumbukira chida chomwe adachisiya kumbuyo, waphunzira kuti kuona maso a nkhono n'kudekha. Koma phunziro limenelo siligulidwa pa mphindi khumi.

Wailesi yakanema ya dziko lino idayamba mu 1999. Isadabwere, ndiponso itabwera kale, ambiri mafilimu tinkaonera m'nyumba za vidiyo, kumangotsata zibakera poti Chingerezi chinkatidutsa. Kenaka kudabwera anyamata omasulira mafilimu m'Chichewa, ndipo ngakhale amathiramo nthabwala zawozawo, anthu adayamba kutsata nkhani. Magemu sadapeze womasulira wotere. Chomwe chilipo ndi mnyamata wamkulupo uja amaima kumbuyo, wodziwa njira, n'kumafotokozera anzake kuti uyu ndi mbale wake wa uyu, usamukhulupirire uyo. Ameneyo, osadziwa, wakhala pa mpando wa agogo.

Nanga Afirika amaoneka bwanji m'magemu otchukawa? Mu Far Cry 2 ya 2008, yomwe imapendekera kwambiri ku zowomberana, dziko la kuno lilibe ndi dzina lomwe. Muli nkhondo, diamondi ndi malungo omwe wosewera amamwera mapiritsi. Mu Resident Evil 5 ya 2009, msilikali wachizungu amawombera khamu la anthu akuda ogwidwa ndi matenda owasandutsa zilombo, ndipo anthu ambiri adaidzudzula pa chifukwa chimenechi. M'magemu otere ife ndife tchire loti mlendo adutsemo.

Zinthu zayamba kusinthako. Ku Cameroon, kampani ya Kiro'o Games ya Olivier Madiba idatulutsa Aurion: Legacy of the Kori-Odan mu 2016. Mu 2024 kudabwera Tales of Kenzera: Zau, ya Abubakar Salim, katswiri wa zisudzo wa ku Britain yemwe makolo ake adachokera ku Kenya. Adaipanga polira bambo ake. Zau, sing'anga wachinyamata, amapangana ndi Kalunga, mulungu wa imfa, kuti amubwezere bambo ake akagonjetsa mizimu itatu ikuluikulu, ndipo amamenya nkhondo ndi zigoba ziwiri zakumaso zomwe bambo akewo adamusiyira, cha dzuwa ndi cha mwezi. Ungathenso kuisewera anthu ake akuyankhula Chiswahili. Pa muyeso wanga uja ikukhoza: chida chomwe uli nacho m'manja ndi chamasiye, ndiye nthawi iliyonse ukamenya ukukumbukira malemu. Pomwe yaterereka mpakuti yatola miyambo ya mitundu yosiyanasiyana n'kuphika mumphika umodzi, kotero kuti dziko lake ndi la aliyense koma si kwawo kwa munthu aliyense. Pamenepa anthu a mtundu wa Iñupiat a ku Alaska adachita bwino koposa ndi Never Alone ya 2014: adatenga nthano yawo imodzi, adakhala pansi ndi akuluakulu awo, ndipo wofotokoza nkhani amayankhula chiyankhulo chawo.

Ife nkhani tili nazo zodzaza nkhokwe. Tengani ya M'bona, yomwe imakambidwa mosiyanasiyana, yomwe Steve Chimombo adailembera sewero la The Rainmaker mu 1978, ndipo Matthew Schoffeleers adaifufuza m'buku la River of Blood mu 1992. Wogwetsa mvula akuthawa adani ake kulowera kumwera mpaka ku chigwa cha Shire. Mikondo ikulephera kumulasa. Pomaliza ndi iye mwini amene akuwaululira chomwe chingamuphe, ndipo mutu wake ukuikidwa ku Khulubvi, ku Nsanje. Uwutu ndi ulendo wathunthu, wokhala ndi mapiri, madambo ndi adani. Komanso ndi nkhani yomwe ingautembenuze mtundu wonsewu, chifukwa mpangankhani wake sapha munthu. Mphamvu yake ndi mvula, ndipo amapambana atafa. Ndi gemu iti ya ku America yomwe idayerekeza zotere? Chenjezo lokha n'lakuti Khulubvi ndi kachisi wa anthu amoyo, monganso dambwe lili ndi eni ake. Wofuna kutengako kanthu ayambe wagwada kwa eni malo, asakhale Lara Croft wakuda.

Ndipo gemu yathu ikadzapangidwa, idzapangidwe ndi munthu yemwe adakhalapo m'kachipinda ka ku Dubai kapena ku Mgona, osati wongotengera za kunja. Idzakhale ya magawo afupiafupi ngati nthano za madzulo, gawo lililonse lotha lokha nthawi yogula isadathe. Idzathe kuyenda pa foni yotsika mtengo popanda intaneti. Anthu ake adzayankhule Chichewa cha pa msewu, Chiyao, Chitumbuka, Chisena, kuti pasadzapezeke wokuwa kuti dumphitsa. Ndipo idzakumbukire kuti kuno padi imodzi imaseweredwa ndi anthu asanu ndi mmodzi, kotero oima kumbuyo aja idzawapatse chochita: mwambi woti amasulire, njira yoti akangane, nyimbo yoti avomere.

Zipangizo zopangira magemu zina, monga Godot, n'zaulere, ndipo achinyamata odziwa makompyuta mu Lilongwe muno alipo. Chomwe mnyamata wa kompyuta sangachite yekha n'kulemba munthu woti ukamutaya mtima ukupweteke. Imeneyo ndi ntchito yathu, alembi ndi alakatuli, ndipo mutu umodzi susenza denga. Tikapitiriza kunyogodola tizipinda timeneti tikumalemberana ndakatulo tokhatokha, tisadzadabwe ana a ku Gulliver akamaidziwa misewu yonse ya Los Santos pamtima, koma osadziwa kuti Khulubvi ili mbali iti.